Sikelo yoyeza mafuta a m'thupi: kodi imamuthandizadi mayi amene akusiya kusamba?

Dandaulo lofala pakati pa amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50 ndi lakuti: "Kadyedwe sindinasinthe, koma siketi yayamba kuthina m'chiuno." Ena amawonjezera kuti sikelo sikuonetsa kusintha kwenikweni, koma mimba yokha ndiyo yatuluka. Amalonda analimva dandauloli, ndipo masiku ano akutsatsa kwambiri masikelo agalasi okhala ndi tizitsulo tinayi popondapo, olumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Makampani monga Tanita, Omron, Withings, Renpho ndi Xiaomi onse ali ndi mitundu yawo. Lonjezo lake ndi lofanana: mukangoponda osavala nsapato, pakapita masekondi ochepa mwadziwa kulemera kwanu, kuchuluka kwa mafuta, minofu, madzi, mafupa, mafuta a m'kati mwa mimba, ngakhalenso zaka zimene akuti thupi lanu likuoneka kuti lili nazo. Ndemanga ino ikukhudza mtundu wofala kwambiri, woponda ndi mapazi okha, wopanda chogwirira cha m'manja.

Maganizo athu tiwaneneretu. Sikeloyi imayeza bwino chinthu chimodzi, kulemera kwa thupi. Manambala ena onsewo ndi ongoyerekeza. Ndipo malo amene mayi wosiya kusamba ayenera kuwayang'anitsitsa kwambiri, pamimba, ndi malo amene sikelo yoponda ndi mapazi siwaona bwino n'komwe.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe ndi zimene zikuchitika m'thupimo. Mayi amawerengedwa kuti wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo, ndipo kwa ambiri izi zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma kusinthaku kumayamba zaka zingapo msambo womaliza usanafike: masiku a msambo amasokonekera, thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta limatuluka usiku, tulo timavuta. Pa nthawi imeneyi homoni ya amayi yotchedwa esitirojeni imakwera n'kutsika mosadalirika, kenako imatsikiratu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SWAN, amene wakhala akutsatira amayi oposa 3,000 ku United States kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anapeza chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Kulemera kwa thupi kumakwera pang'onopang'ono m'zaka zapakatizi, pafupifupi theka la kilogalamu kapena kuposerapo pang'ono pa chaka, ndipo liwiro limeneli silisintha kwenikweni nthawi yosiya kusamba ikayamba. Chimene chimasintha ndi zimene zili m'kati mwa kulemerako. Mafuta amayamba kuchuluka mofulumira pafupifupi kuwirikiza kawiri, minofu imayamba kuchepa, ndipo zimapitirira chonchi mpaka zaka pafupifupi ziwiri msambo womaliza utadutsa. Komanso mafuta amasamuka. Amene kale ankakonda kukhala m'ntchafu ndi m'matako amayamba kuunjikana pamimba, ena pansi pa khungu, ena m'kati mozungulira matumbo ndi chiwindi. Mafuta a m'katiwa ndi amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Choncho lingaliro la sikelo yosiyanitsa mafuta ndi minofu ndi labwino kwambiri. Mayi atha kulemera makilogalamu 70 ali ndi zaka 44, n'kulemerabe 70 ali ndi zaka 54, koma thupi litasintha kwambiri. Funso ndi lakuti kodi chipangizochi chimatha kuona kusinthako.

Pansi pa sikelo pali timiyendo tinayi, ndipo kamwendo kalikonse kali ndi kachitsulo kamene kamapindika pang'ono munthu akaponda. Kupindikako ndiko kumasinthidwa kukhala makilogalamu. Mbali imeneyi ndi yodalirika. Mbali yachiwiri ndi ya tizitsulo topondapo tija. Sikelo imatumiza mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, yosamveka m'thupi, imene imalowa phazi limodzi, kukwera mwendo, kudutsa m'munsi mwa chiuno, n'kutsika mwendo winawo. Magetsi amayenda mosavuta m'madzi okhala ndi mchere. Minofu ili ndi madzi ambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, pamene mafuta ali ndi madzi ochepa. Sikelo imayeza mmene thupi latsekerezera magetsiwo, kenako imatenga nambala imodziyo n'kuisakaniza ndi kulemera kwanu, msinkhu, zaka, komanso kuti ndinu mkazi, zimene munalemba nokha mu pulogalamu ya pafoni. Zonse zotsalazo, kaya zikhale 10 kaya 15, zimatuluka m'masamu ochokera pa zinthu zochepa zomwezi.

Mutha kudzitsimikizira nokha. Lowani mu pulogalamuyo, sinthani zaka zanu powonjezera 10, n'kupondanso. Pa masikelo ambiri nambala ya mafuta isintha pomwepo, makamaka ya mafuta a m'mimba, chonsecho thupi ndi lomwelija la mphindi imodzi yapitayo.

Vuto lalikulu kwa mayi wa msinkhu uwu ndi njira imene magetsiwo amadutsa. Amasankha njira yachidule, mwendo ndi mwendo. Pamimba ndi pachifuwa safikapo mokwanira. Ngakhale pa makina akuchipatala amene amalumikiza dzanja ndi phazi, thunthu la thupi, limene lili pafupifupi theka la kulemera konse, limangopereka pafupifupi gawo limodzi mwa 10 la kutsekereza konse kumene makinawo amayeza, chifukwa ndi lotakata komanso lalifupi. Ndiye taganizirani mayi amene mafuta akuchoka m'ntchafu n'kupita pamimba. Sikelo ikuyang'ana m'miyendo, nkhani ili pamimba. Nambala imene pulogalamu imaitcha mafuta a m'kati mwa mimba, imene pa masikelo a Tanita imayambira 1 mpaka 59, sinayezedwe pamimba panu. Ndi chiyerekezo cha mmene munthu wa zaka zanu, msinkhu wanu ndi kulemera kwanu amakhalira kawirikawiri.

Kafukufuku wina wochitikira ku France, wofalitsidwa mu 2021, anayerekeza masikelo atatu a mtunduwu ndi makina a DXA, amene madokotala amawadalira poyeza mafuta, minofu ndi mafupa. Pa kulemera, masikelowo anaphonya pang'ono chabe, osafika theka la kilogalamu. Pa mafuta anaphonya ndi makilogalamu apakati pa awiri ndi anayi kapena kuposerapo. Mayi amene akulimbikira bwino atha kuchotsa makilogalamu awiri a mafuta pa miyezi itatu. Ngati kuphonya kwa chipangizo kukufanana ndi kusintha kumene mukufuna kuona, nambala ya tsiku limodzi singakuuzeni zambiri.

Chinanso chimene chimasokoneza ndi madzi, ndipo pa nthawi yosiya kusamba madzi a m'thupi sakhazikika. Mayi amene watuluka thukuta usiku wonse mpaka kusintha chovala amadzuka madzi atachepa m'thupi. Magetsi amavutika kudutsa, sikelo n'kunena kuti mafuta akwera. Tsiku lotsatira wagona bwino, wamwa madzi okwanira, sikelo ikuti mafuta atsika. Madzulo, munthu atayenda ndi kuimirira tsiku lonse, madzi amatsikira m'miyendo, ndipo sikelo yoponda ndi mapazi imaonetsa mafuta ochepa kuposa m'mawa. Mukangomaliza masewera olimbitsa thupi kapena kusamba madzi otentha, khungu litafunda ndipo magazi akuyenda kwambiri m'miyendo, nambala imatsikanso. Mukamwa theka la lita ya madzi n'kuponda nthawi yomweyo, kulemera kumakwera ndi theka la kilogalamu, ndipo poti madziwo akadali m'mimba momwe magetsi safikamo, sikelo imatha kuwawerengera ku mafuta. Masiku oyandikira msambo thupi limasunga madzi, ndipo poti msambo wa nthawi imeneyi subwera pa masiku odziwika, simungadziwe msanga kuti kukwerako kwachokera kumeneko. Mapazi ouma kwambiri, okhala ndi chikopa chokhuthala kapena ming'alu kuchidendene, salumikizana bwino ndi tizitsulo, ndipo sikelo imangoonetsa kulemera kokha kapena nambala yosamveka. Kupukuta mapazi ndi kansalu konyowa pang'ono kumathandiza. Mafuta odzola amalepheretsa. Ntchafu zikagundana khungu ndi khungu, magetsi amadumphira pomwepo osafika m'chiuno. Kansalu kopyapyala kouma pakati pa ntchafu kamathetsa vutoli.

Nambala imene timaiona kuti ndi yoopsa kuikhulupirira ndi ya mafupa. Magetsi a sikelo sayeza kulimba kwa fupa ngakhale pang'ono. Pulogalamu imangotenga gawo lina la kulemera kopanda mafuta n'kulitcha mafupa. Koma zaka zozungulira msambo womaliza ndi zimene mafupa a mayi amafooka mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Mayi akaona chizindikiro chobiriwira pafoni cholembedwa kuti mafupa ali bwino, atha kunyalanyaza kukayezetsa pamene ali ndi zifukwa zomveka: anasiya kusamba asanafike zaka 45, anathyokapo fupa atangogwa pang'ono, amamwa mankhwala a steroid nthawi yaitali, kapena kholo lake linathyokapo fupa la m'chiuno. Kufooka kwa mafupa kumayezedwa ndi DXA, osati sikelo ya kubafa. Nambala ya zaka za thupi nayo ilibe ntchito. Ingochititsa mayi wa zaka 49 kuda nkhawa kuti foni yamuuza kuti ali ndi zaka 61.

Tsopano zabwino zake, chifukwa zilipo ndithu.

Ubwino weniweni wa sikeloyi ndi wakuti imasunga yokha manambala n'kujambula mzere wa masabata ndi miyezi. Kunenepa kwa m'zaka zapakati kumabwera mwakachetechete. Theka la kilogalamu pa chaka palibe amene amaliona pagalasi, koma pa zaka 10 ndi makilogalamu asanu kapena kuposerapo. Mzere wa pafoni umaonetsa msanga kuti zinthu zikulowera kuti, munthu n'kukonza kakadali kilogalamu imodzi. Ambiri amalephera kulemba m'kope tsiku ndi tsiku, ndipo apa chipangizochi chimagwiradi ntchito. Kusankha pakati pa mapulogalamu kuyenera kudalira chinthu chimenechi: kodi imaonetsa avereji ya sabata, kapena imangoonetsa nambala ya lero ndi mivi yofiira?

Kuti mzerewo ukhale woona, kayezedwe kayenera kufanana nthawi zonse. Ikani sikelo pamalo olimba ndi osalala, pasimenti kapena pamatailosi, timiyendo tonse tinayi titakhazikika, osati kamodzi katagwera pampata wa pakati pa matailosi. Pakapeti kapena pamphasa yofewa sikelo imanama, chifukwa gawo lina la kulemera limathera pansi pa sikelo osadutsa m'timiyendo. Isamasunthidwe. Ngati mumaiimika kukhoma n'kuitsitsa m'mawa uliwonse, iponderezeni ndi phazi kamodzi, muisiye ibwerere pa 0.0 n'kuzima, kenako mukwerepo. Kupanda kutero nambala yoyamba imalakwika. Yezani m'mawa mutangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa, mutavala zochepa zofanana masiku onse. Imani chilili, mapazi onse atagawana kulemera, osagwira khoma. Mabatire akayamba kutha manambala amadumphadumpha, ndipo ambiri amaganiza kuti sikelo yawonongeka pamene ingofunika mabatire atsopano. M'nyumba mukakhala anthu awiri olemera mofanana, sikelo imatha kutumiza nambala ya mwana wanu ku dzina lanu, choncho muziona dzina lisanasungidwe. Ndipo musayatse gawo la ochita masewera ampikisano ngati simuli wotero, chifukwa limagwiritsa ntchito masamu ena amene amatsitsa nambala ya mafuta.

Ndiyeno musamaweruze ndi tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti sabata yanu yatuluka motere: 72.4, 73.1, 72.6, 72.9, 73.5, 72.8, 72.3. Pakati pa tsiku lotsika kwambiri ndi lokwera kwambiri pali kilogalamu imodzi ndi magalamu 200. Si mafuta amenewo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, chakudya cha masiku angapo, ndipo sichingaunjikane usiku umodzi. Ndi madzi osungidwa chifukwa cha chakudya cha mchere wambiri, ndi zakudya zimene zikadali m'matumbo, ndi kudzimbidwa, ndi shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi amene galamu iliyonse imakoka magalamu pafupifupi atatu a madzi. Phatikizani manambala asanu ndi awiriwo, mugawe ndi 7, mupeza 72.8. Imeneyo ndiyo nambala ya sabata. Iyerekezeni ndi ya sabata yatha ndi ya mwezi watha. Amene safuna kuyeza tsiku lililonse atha kuyeza katatu pa sabata, masiku omwewomwewo. Nambala ya mafuta nayo, ngati mukufuna kuitsatira, tengani avereji ya mwezi wonse, ndipo muione ngati chisonyezo cha kumene mukulowera, osati choonadi cha mmene mulili.

Chida chimene chimaona zimene sikelo ikuphonya ndi tepi yoyezera, yofewa ngati ya telala, yosatanuka. Pezani nthiti yomaliza m'mbali mwa thupi, pezaninso nsonga ya fupa la m'chiuno, ndipo muzunguze tepi pakati penipeni pa ziwirizi, nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa mchombo. Tepi igone pakhungu osamira, ikhale yowongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Galasi limathandiza kuona ngati yapendekera kumsana. Pumirani kunja mwachibadwa, osakoka mimba, n'kuwerenga. Yezani kawiri, ndipo manambala akasiyana kuposa sentimita imodzi yezaninso. Kamodzi pa masabata awiri kapena pa mwezi n'kokwanira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kwa amayi chiopsezo chimayamba kukwera m'chiuno mukapitirira masentimita 80, ndipo chimakwera kwambiri kupitirira 88. Bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain, mu malangizo ake a 2022, linapereka lamulo losavuta kukumbukira: m'chiuno musafike theka la kutalika kwanu. Mayi wotalika masentimita 160 akhale pansi pa 80. Mukagawa muyezo wa chiuno ndi wa kutalika kwanu n'kupeza pakati pa 0.5 ndi 0.59, mafuta a pamimba achuluka, 0.6 kapena kuposa ndiye kuti achuluka kwambiri. Ngakhale chingwe chimakwanira: chiduleni kutalika kofanana ndi inu, chipindeni pakati, muone ngati chikuzungulira m'chiuno.

Sikelo ndi tepi zikagwirira ntchito limodzi zimanena zinthu zomveka. Kulemera kukaima koma chiuno chikukula, minofu ikupita ndipo mafuta akulowa m'malo mwake; yankho lake si kuchepetsa chakudya kokha koma kuyamba kulimbitsa minofu. Kulemera kukaima chiuno chikuchepa, zinthu zikuyenda bwino, musasinthe kalikonse, ngakhale sikelo ikuoneka ngati yakana. Zonse zikamatsika pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, ndi liwiro labwino. Kulemera kukamatsika mofulumira kwambiri, mphamvu zikutha, kukwera masitepe kukuvuta, ndiye kuti mukutaya minofu pamodzi ndi mafuta.

Mfundo yomalizayi ndi imene mapulogalamu ambiri a masikelowa amasocheretsa nayo anthu. Amafunsa kuti mukufuna kulemera bwanji ndipo pofika liti, kenako amapereka chiwerengero cha makalori chotsika kwambiri. Kwa mayi amene minofu yake ikuchepa kale chifukwa cha msinkhu ndi mahomoni, kudzimana chakudya mwankhanza kumachotsa minofu yambiri, ndipo kulemera kukabwerera, monga zimachitikira kawirikawiri, kumabwerera ngati mafuta. Amathera pamalo oipa kuposa pamene anayambira. Musalembe mu pulogalamu kulemera kwa pa ukwati wanu. Kuchotsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa panopa, kutanthauza makilogalamu 4 mpaka 8 kwa mayi wolemera 80, n'kokwanira kusintha shuga wa m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa ambiri, kungoima pamene ali osakwera kwa zaka zisanu n'kupambana kale.

Zimene zimasuntha manambalawo sizili m'sikelo. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati monga kuyenda ndawala, kuphatikizapo masiku osachepera awiri olimbitsa minofu ikuluikulu yonse. Gawo lachiwirili ndi limene amayi ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limateteza minofu ndi mafupa. Zoyambira zake ndi kukhala pampando n'kudzuka osagwira, kukankha thupi kukhoma kapena pathebulo lolimba, kukoka lamba wotanuka, kunyamula cholemera kuchokera pansi msana uli wowongoka, ndi kukwera sitepe. Chilichonse chichitidwe maulendo 8 mpaka 12, kupuma, kubwereza kawiri kapena katatu. Cholemeracho chikhale choti maulendo awiri omaliza akuvuta. Cholakwika chofala ndi kukhala pa kulemera komweko miyezi isanu ndi umodzi. Minofu imakula pokhapokha katundu akamawonjezeka pang'onopang'ono. Dziwaninso kuti masabata oyambirira sikelo itha kukwera pang'ono chifukwa minofu yogwira ntchito imasunga madzi. Ambiri amasiya pa nthawi imeneyi, poganiza kuti masewera akuwanenepetsa.

Pa chakudya, mapuloteni ndi ofunika kuposa kale. Akatswiri ambiri amalangiza galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi kwa anthu amene akukula, ndiye kuti magalamu 70 mpaka 84 pa tsiku kwa mayi wolemera 70, ogawidwa pa zakudya zitatu osati onse madzulo. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, magalamu 100 a nyama ya nkhuku yophika pafupifupi 30. Amene ali ndi matenda a impso afunse dokotala asanawonjezere. Mowa uli ndi makalori 7 pa galamu, umasokoneza tulo, ndipo kwa ambiri umayambitsa kutentha kwa thupi kuja. Tulo nato tili m'nkhaniyi mozama: munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira ndipo amalakalaka zotsekemera. Ngati thukuta la usiku ndi limene likukudzutsani, kuchiza limenelo kutha kuthandiza kulemera kwanu kuposa kudzimana chakudya. Mankhwala obwezeretsa mahomoni, amene ambiri amawaopa kuti amanenepetsa, kafukufuku sanawapeze kuti amawonjezera kulemera kuposa kumene kumabwera kale ndi msinkhu, ngakhale ena amamva kutupikana miyezi yoyambirira. Si mankhwala ochepetsa thupi, ndipo si oyenera aliyense, choncho ndi nkhani yokambirana ndi dokotala.

Pali anthu amene sayenera kuponda sikelo yotumiza magetsi. Woyamba ndi aliyense amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, pacemaker, kapena china chamagetsi m'thupi. Opanga okha amaletsa zimenezi m'mabuku a malangizo. Mitundu ina ili ndi njira yozimitsa magetsiwo n'kutsala ndi kulemera kokha, koma kuvala masokosi sikuyenera kudaliridwa ngati chitetezo. Opanga ambiri amalangizanso amayi oyembekezera kuti asagwiritse ntchito gawo loyeza mafuta, ndipo apa tikumbutse kuti mayi amene msambo wake ukudumphadumpha athabe kutenga pakati. Njira zolerera zimafunikabe mpaka patatha chaka chimodzi kuchokera pa msambo womaliza kwa wopitirira zaka 50, ndi zaka ziwiri kwa wosafika 50. Mayi amene anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya kapena kudya mosadziletsa, kapena amene nambala ya m'mawa imamuwonongera tsiku lonse, sikelo yojambula mizere ndi kutumiza mauthenga pafoni imamuvulaza kuposa kumuthandiza. Kwa iye ndi bwino kutsatira mmene chovala chimodzi chikukwanira, ndi kuchuluka kwa zimene akutha kunyamula.

Ndipo si kunenepa kulikonse pa msinkhu uwu kumene kumachokera ku kusiya kusamba. Kukwera makilogalamu awiri kapena atatu pa masiku ochepa, mapazi atatupa kapena mpweya ukuchepa, kumasonyeza madzi, ndipo mtima kapena impso ziyenera kuyezedwa mwamsanga. Kunenepa kobwera ndi kutopa kwambiri, kuzizidwa, kudzimbidwa ndi khungu louma kutha kuchokera ku chithokomiro chimene chafooka, vuto lofala mwa amayi a zaka zimenezi lomwe limadziwika ndi kuyeza magazi. Mankhwala ena amanenepetsa: steroid, insulin, ndi ena a matenda a maganizo monga mirtazapine; musawasiye nokha, koma funsani ngati pali ena olowa m'malo. Mimba yotupa masiku ambiri osaphwa, kukhuta msanga, kupweteka m'chinena kapena kukodza pafupipafupi, zimenezi musazitche mafuta a kusiya kusamba musanapimidwe, chifukwa khansa ya thumba la mazira imayamba ndi zizindikiro zomwezi. Kutaya magazi kulikonse patatha miyezi 12 musakusamba kukufunika dokotala. Kuonda kosadziwika chifukwa chake nakonso.

Nanga kugula? Ngati muli kale ndi sikelo wamba ya manambala imene imapereka nambala yofanana mukaponda katatu motsatizana mutanyamula ndi kusiya chinthu cholemera pakati pake, simukufunikira ina. Onjezani tepi ndi kope. Ngati mulibe, kapena mukudziwa kuti kulemba m'kope simungakwanitse, sikelo yolumikizana ndi foni ndi yoyenera, koma yotsika mtengo imayeza kulemera bwino lomwe ngati yodula. Onani kuti ili ndi popondapo potakata, manambala akuluakulu owala oti muwerenge osavala magalasi, malire a kulemera okukwanirani, amene pa yambiri ndi makilogalamu 150 mpaka 180, komanso kuti imagwira ntchito ngakhale foni ili kutali. Galasi lonyowa limaterera, choncho isakhale pafupi ndi posambira. Werenganinso zimene pulogalamuyo imapempha musanavomere. Kulemera, zaka ndi masiku a msambo ndi nkhani za umoyo wanu, ndipo mapulogalamu ena amazisunga pa makompyuta a kampani. Yabwino ndi imene imalola kugwiritsa ntchito osatsegula akaunti, kapena kufufuta zonse mukafuna.

Mitundu yodula yokhala ndi chogwirira cha m'manja, imene ili ndi tizitsulo 8 m'malo mwa tinayi, imadutsitsa magetsi m'mikono ndi m'thunthu, ndiye imaposa ya mapazi okha. Komabe imadalira masamu oyerekeza, ndipo thukuta la usiku limaisokoneza chimodzimodzi. Kwa mayi amene ndalama zake n'zowerengeka, kusiyana kwa mtengoko kuli bwino kugulira malamba otanuka olimba mosiyanasiyana ndi zitsulo ziwiri zonyamula zotheka kuwonjezera kulemera. Mukafika nayo kunyumba sikeloyo, lowani mu pulogalamu, bisani manambala a mafupa, zaka za thupi ndi mafuta a m'mimba ngati imalola kutero, zimitsani mauthenga okumbutsa, ndipo pamalo olembapo miyezo ya thupi lembani chiuno chanu cha lero pamodzi ndi deti.